Mafunso ndi Mayankho: Zomangira za Mawotchi ndi Zibangili

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi: wotchi kapena chibangili kugwa pamkono mwiniwake osamva. Amene akuyankha ndi okonza mawotchi pamodzi ndi osula zokongoletsera za golide ndi siliva.

Akonzi, wotchi yanga inagwa ndikukweza katundu. Nditaitola ndinapeza chomangira chili chitsekere, koma lamba wachoka mbali imodzi. Chinalakwika n'chiyani?
*Bambo woyendetsa lole*

Bambo, chomangira chilibe mlandu. Chimene chinamasuka ndi kapini ka sipuling'i kamene kamalumikiza lamba ndi wotchi, ndipo mawotchi ambiri amene amagwa amathawira pamenepa. Kapiniko ndi kachubu kachitsulo kokhala ndi sipuling'i m'kati. Sipuling'iyo imakankhira kunja timitu tiwiri, kena uku kena uku, ndipo timituto timalowa m'timabowo ta pa nyanga za wotchi, zija ziwiriziwiri zimene lamba amakhala pakati pake. Kamutu kalikonse kamangolowa pafupifupi milimita imodzi. Wotchi yonse, kaya ndi yodula bwanji, imadalira timitu tinayi timeneti.

Kawirikawiri vuto limakhala saizi. Yezani mpata wa pakati pa nyanga: mawotchi ambiri ndi mamilimita 18, 20 kapena 22, ngakhale alipo a 19 ndi 21. Kapini ka 19 mukakaika pa mpata wa 20 kamaoneka ngati kagwira, koma sipuling'i imakhala itatambasuka pafupifupi yonse, moti kungokoka pang'ono kamafwamphuka. Kunenepa kwa kapini nakonso musakuderere. Tofala ndi ta mamilimita 1.5 ndi 1.8, pamene mawotchi olowa nawo pansi pa madzi amakhala ndi ta 2 mpaka 2.5. Kapini kowonda kakakhala m'bowo lalikulu la lamba kamapindika, ndipo kakapindika kamafupika. Palinso kukula kwa kamutu. Mawotchi ambiri a Seiko a pansi pa madzi amafuna timitu ta mamilimita 1.1, pamene timapini wamba tili ndi timitu ta pafupifupi 0.8. Kamutu kakang'ono m'bowo lalikulu kamachita gwedegwede n'kumalidya bowolo, ndipo likakula palibenso kapini kamene kangagwire bwino.

Mdani wina ndi thukuta. Mchere wake umalowa m'kachubu, sipuling'i n'kuchita dzimbiri, kamutu n'kukanirira m'kati. Chotsani kapini mukadinikize pakati pa zala. Kamutu kakamabwerera mwaulesi, kapena kachubu kakamadumphadumpha mukakagubuduza patebulo, katayeni. Sinthani tonse tiwiri nthawi imodzi, osaiwala kachitatu kamene kamagwira chomangira chenichenicho.

Poika, lowetsani kamutu kamodzi m'bowo lake, dinikizani kenako ndi kachitsulo kamphanda kochotsera timapini, kakankhireni pakati pa nyanga mpaka mumve kakulira polowa. Mukatero kokani lamba mwamphamvu ndithu n'kumugwedeza uku ndi uku. Kamutu kamene kangotsamira m'mphepete mwa bowo kamatuluka pamenepo, wotchi ili m'manja mwanu. Musaope kukoka: muyezo wa ISO 6425 wa mawotchi a pansi pa madzi umafuna kuti polumikizira lamba papirire mphamvu ya manyutoni 200, kumene kuli ngati kulendeweretsapo makilogalamu 20.

Kodi alipo lamba amene angagwirebe wotchi kapini kamodzi katathyoka?
*Mnyamata wopalasa bwato*

Alipo, achimwene. Ndi lamba wa nayiloni wotchedwa NATO, amene unduna wa zachitetezo wa ku Britain unakhazikitsira asilikali ake mu 1973. Lambayu ndi mmodzi wamtali, osati zidutswa ziwiri. Amalowa pakati pa wotchi ndi kapini kam'mwamba, n'kudutsa kunsi kwa wotchi, n'kutulukira pa kapini kam'munsi. Kapini kamodzi kakathyoka lamba amakhalabe wozungulira mkono, ndipo wotchi imatsala lendelende pa kenako. Samalani chimodzi: timapini tambiri tili ndi timizere totukuka pafupi ndi mitu, pogwira kachitsulo kochotsera, ndipo nayiloni akamasuntha amatha kukola timizereto n'kukoka kamutu. Ngati mabowo a nyanga za wotchi yanu anaboola mpaka kunja, ikani timapini tosalala topanda timizere. Ngati sanaboole mpaka kunja musatiike, chifukwa kudzatichotsa kwake n'kudula.

Chomangira chopinda cha wotchi yanga yachitsulo chimatseguka chokha ndikawomba m'manja kapena ndikatsamira dzanja patebulo. Ndisinthe lamba yense?
*Mayi mphunzitsi*

Musafulumire, mayi. Yambani mwaona chimene chimagwira chomangira chanucho chikatsekedwa. Zambiri zotsika mtengo zilibe loko weniweni. Zili ndi timalata tiwiri topindika timene timagonerana, ndi chivundikiro chokhala ndi kamlomo kamene kamadumphira pa kachitsulo kopingasa n'kugwira mothina. Chimene chikugwira pamenepo ndi kukhwima kwa chitsulo basi. Kutsegula ndi kutseka tsiku ndi tsiku kumaperesa kamlomoko, timalata natonso timawongoka pang'onopang'ono. Mukapindira dzanja kumbuyo mkono umafufuma n'kukankha kuchokera m'kati, ndiye chomangira chotopa chimagonja.

Choyamba tsukani. Litsiro losakanikirana ndi sopo wouma limadzaza pomwe kamlomo kamayenera kukhala, moti sikafika pamalo pake. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi mswachi wakale n'zokwanira, ndipo ngati wotchi si yolowa nayo m'madzi, yambani mwachotsa lamba. Musathire mafuta, amangokola mchenga. Chikapitirira kutseguka, kulungani tepi kukamwa kwa mbaniro zazing'ono kuti musakande chitsulo, mupindire kamlomo m'kati pang'ono kwambiri, osafika ndi theka lomwe la milimita, kenako yesani kutseka. Mmisiri amathanso kusintha kapindikidwe ka kalata kamodzi. Koma chitsulo chopindidwa kawiri katatu chimang'aluka, choncho ntchitoyi si yobwereza mwezi ndi mwezi. Onaninso kapini ka pa hinji yolumikiza timalata tija. Kakaperepeseka, kupinda kamlomo sikuthandiza, ndipo chofunika ndi chomangira china. Chimagulidwa pachokha malinga ndi m'lifupi mwa lamba.

Pogula chatsopano, fufuzani chofuna zochita ziwiri kuti chitseguke. Mtundu wina uli ndi kachitseko kachiwiri kamene kamagona pamwamba pa chivundikiro ndipo kamatsegukira mbali yosiyana, moti chinthu chokola chimodzi sichingatsegule zonse. Wina uli ndi mabatani awiri m'mbali, amene amabweza tingowe ta m'kati mukawadina. Mabatani si onse abwino. Dinani limodzi lokha n'kukoka: chikatseguka, chisiyeni, chifukwa kungogunda pa chitseko kudzachita chimodzimodzi. Mabatani otuluka kwambiri nawonso amadinika ndi kuseri kwa dzanja mukalipinda. Ife timaona kuti chokhala ndi mabatani awiri komanso kachitseko ndiye chodalirika koposa. Zosemedwa kuchokera ku chitsulo chochindikala zimakhalitsa kuposa za lata lodinda, komabe cha lata chokhala ndi kachitseko chimaposa chosemedwa mokongola chopanda loko.

Lamba wanga wachikopa amang'ambika pa bowo limene ndimamangira. Anzanga akuti ndiike chomangira cha deployant. Kodi n'cholimba kuposa chabowo?
*Bambo wa mu ofesi*

Pa kugwira kokha, bambo, chabowo, chija chofanana ndi cha lamba wa m'chiuno, n'chovuta kuchiposa. Chilibe sipuling'i kapena batani loti n'kufa, ndipo mukamakoka lamba m'pamene lilime lake limakanirira pa chitsulo. Zofooka zake n'ziwiri. Chikopa chimapindidwa pamalo amodzi tsiku lililonse mpaka kuthetheka, ndipo povala ndi povula wotchi imakhala yosagwiridwa ndi chilichonse. Mawotchi ambiri osweka galasi amagwa nthawi imeneyi, n'chifukwa chake ndi bwino kuvalira pamwamba pa bedi kapena tebulo.

Cha deployant, chomangira chopinda chachitsulo choikidwa pa lamba wachikopa, chimene kampani ya Cartier inabweretsa cha m'ma 1910, chimathetsa zonse ziwiri. Mumasankha bowo kamodzi, chikopa osapindidwanso, ndipo chikatseguka lamba amakhalabe wolumikizana, wotchi n'kutsakamira pa dzanja. Pogula yezani m'lifupi mwa lamba kumapeto kumene kuli chomangira, osati ku wotchi, pakuti malamba ambiri amanka nachepa: wa mamilimita 20 ku nyanga amakhala 18 kapena 16 kumapeto. Yezaninso kuchindikala. Chikopa chikachindikala kuposa mpata wa kachivundikiro, kamsomali kolowa m'bowo kamangofika theka, ndipo lamba amasololoka. Amikono yaing'ono ayambe ayesa, chifukwa kachitsulo kopinda kakatalika kamabaya m'mbali mwa mkono.

Chomangira cha wotchi yanga chimakhala cham'mbali, wotchi n'kumapendekera kunja. M'mawa imakhwepa, masana imathina. Ndinachotsa ndekha mfundo zitatu za lamba wake wachitsulo, ndipo tsopano kapini kamodzi kakumatuluka.
*Wophunzira wa ku koleji*

Mwina mfundo zonsezo munazichotsa mbali imodzi. Chimene chiyenera kukhala pakati kunsi kwa mkono ndi timalata topinda ta m'kati, osati chivundikiro chooneka kunja. Pa zomangira zambiri izi zimatheka mbali ya lamba ya ku nambala 6 ya pa wotchi ikafupikirapo kuposa ya ku 12. Samutsani mfundo imodzi muone kusintha kwake.

Za kapini kotuluka, tembenuzani lamba muone timivi tolembedwa m'kati mwa mfundo. Kapini kamatuluka motsatira muvi ndipo kamabwerera mosemphana nawo. Ngati ndi kogawanika kumapeto, mbali yogawanikayo ndiyo imalowa pomaliza, chifukwa ndiyo imathina m'bowo. Malamba ena, monga ambiri a Seiko, ali ndi kapini kosalala kamene kamagwidwa ndi kachubu kakang'onong'ono kobisika m'mfundo. Kachubuko kamagwa pochotsa munthu osakaona, ndipo popanda iko kapini kamalowa bwinobwino koma kamasololoka pakangopita masiku. Tikukayikira kuti vuto lanu ndi limeneli, ndipo wotchiyo musaivale mpaka kachubu kena kalowe. Amene malamba awo ndi a masikuluwu adontheze kadontho ka mankhwala ogwira mazinga, ofooka ngati Loctite 222, kumapeto kwa sikuluwu kokha. Guluu wamphamvu ayi, amalowerera m'mfundo n'kuiumitsa.

Mkono kufufuma kukatentha n'chibadwa. M'mbali mwa chivundikiro mumakhala timabowo tingapo, ndipo mukasunthira kapini pa bowo lotsatira lamba amatalika kapena kufupika mamilimita ochepa. Makampani ena anakonza zosunthika popanda chida: Glidelock ya Rolex imasuntha mamilimita awiriawiri mpaka pafupifupi 20, ndipo Easylink yawo imawonjezera pafupifupi 5. Zomangira zambiri za butterfly, zotsegukira mbali zonse ziwiri, zilibe timabowoti, ndiye zimadalira mfundo zatheka. Saizi yabwino ndi yoti kansonga ka chala chaching'ono kalowe mothina pansi pa chomangira. Lamba wokhwepa amakoledwa ndi zinthu, komanso kugwedezeka kwake kumadya timapini.

Pansi pa chomangira pamandituluka tiziphuphu toyabwa. N'chiyani?
*Mtsikana wina*

Achemwali, nthawi zambiri ndi chitsulo cha nickel, chimene chimayamba kukhudza khungu utoto wagolide kapena wasiliva wokutira chomangira ukasupuka. Mayiko a European Union salola kuti chinthu chokhalitsa pakhungu chizitulutsa nickel wopitirira mamaikulogalamu 0.5 pa sikweya sentimita pa sabata (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), koma si katundu yense amatsata zimenezi. Vulani wotchiyo khungu lipole, kenako ikani chomangira cha titanium kapena chapulasitiki. Zikapitirira, kaonaneni ndi dokotala.

Ndataya zibangili ziwiri za tcheni chagolide chaka chimodzi. Ndi chomangira chiti chimene sichingandikhumudwitsenso?
*Mayi wina*

Pepani, mayi. Pa tcheni pamapezeka kwambiri mitundu iwiri ya zomangira. Wina ndi kamphete kobulungira kamphako kokhala ndi kandodo kobwerera m'kati mukakoka kachala kake. Nkopepuka, kachubu kake nkopyapyala, ndipo kamayenera tcheni chopepuka cha m'khosi. Pamkono, pamene chibangili chimagundagunda ndi kukoledwa ndi zovala, kamaphwanyika msanga. Wina ndi wa lobster, kangowe kochindikala kokhala ndi kachitseko kamene kamabwerera kokha. Pa chibangili sankhani umenewu, wolingana kukula ndi tcheni, makamaka wokhala ndi tsinde lozungulira kuti tcheni chikapotana chisaukhotetse.

Yonse iwiri imadalira sipuling'i yaing'ono, imene kawirikawiri imakhala yachitsulo ngakhale kunja kuli golide. Madzi amchere, sopo ndi mafuta odzola zimaifoola. Iyeseni motere: kokani kachala n'kukasiya. Kachitseko kabwerere msanga ndipo katsekeke kuti gwa, osasiya mpata ngakhale wolowa pepala. Kakazengereza, sinthani chomangira chonse. Klorini wa m'madamu osambiramo ndi m'mankhwala oyeretsera zovala amafooletsanso golide wosakaniza, makamaka m'malo owotcherera.

Komabe pa zibangili zambiri zimene zimaduka, chomangira chimapezeka chili bwinobwino. Chimene chimayasama ndi kamphete kolumikiza chomangira ku tcheni, kawaya kopindidwa kokhala ndi mpata pokumanira nsonga zake. Chibangili chikakoledwa, mpatawo umakula pang'ono, ndipo waya wa tcheni chowonda amapulumukira pomwepo. Pa chibangili chamtengo wapatali uzani wosula awotcherere kampheteko. Wodziwa ntchito amateteza chomangira ku moto kapena amawotcherera ndi makina a laser, chifukwa sipuling'i ikapsa imafewa osabwereranso. Pa zibangili wamba, gwiritsani kamphete ka waya wochindikala, kapena kozungulira kawiri ngati ka makiyi, kapena kobulungira motalika kamene mpata wake uli m'mbali, kutali ndi kumene tcheni chimakokera. Potsegula kamphete, gwirani ndi mbaniro ziwiri mupotoze nsonga ina kwa inu, ina kutsogolo. Mukakakanula mokokera m'mbali sikadzabwereranso mwakale.

Kamodzi pachaka yang'anani ndi galasi lokulitsa pamene timphete timakhulana. Golide ndi wofewa, ndipo mudzaona waya ataperepeseka pamalo amodzi asanaduke.

Chibangili cha timiyala chimene ndinalandira kwa malemu amayi chili ndi kalilime kolowa m'kabokosi. Masiku ano sikalira potseka. Ndikuopa kuchivala.
*Mayi wa ana atatu*

Mwachita bwino kuchisunga kaye. Kalilimeko ndi kachitsulo kopyapyala kopindidwa pawiri. Polowa kamafinyika, kakafika m'kati tsamba lake lam'mwamba limadzuka n'kukola kuseri kwa khomo la kabokosi, ndipo kulira kuja ndi umboni woti lakola. Zaka zikamapita tsambalo limagona. Lowetsani nsonga ya mpeni wopyapyala pakati pa masamba awiriwo mulidzutse pang'ono, kenako tsekani n'kukoka osadina batani. Koma yambani mwaona popindikira pake. Pakakhala mng'alu musakhudze, kafunika kalilime katsopano kwa wosula, kosulidwa mpaka kukhwima, pakuti golide wongochoka pamoto sabwerera akafinyidwa.

M'mbali mwa kabokosi mumakhala kawaya kooneka ngati nambala 8 kamene kamadumphira pa kamutu. Kakakhwepa, kapanikizeni pang'ono m'chiuno mwake. Ngati kali mbali imodzi yokha, wosula akhoza kuwonjezera kena mbali inayo. Pa chinthu chosabwezeka chotere onjezaninso katcheni kachitetezo kolumikiza mbali ziwiri za chibangili. Katalike moti chibangili chikatseguka chidutse pa dzanja movutikira mukapinda chala chachikulu. Kakatalikitsa kamakola zinthu, komanso chibangili chimapulumuka ndi katcheni komwe.

Agogo anga zala zinauma ndi nyamakazi ndipo satha kutsegula tingowe ting'onoting'ono. Kodi cha maginito kapena chija cha kandodo kolowa m'mphete chingawathandize?
*Mdzukulu*

Zonse ziwiri n'zosavuta kumanga ndi dzanja limodzi, koma chilichonse chili ndi pofookera. Maginito amalimba mukawakoka molunjika, koma amalekana mosavuta mukawatsetsereza cham'mbali kapena kuwapinda polumikizira, ndipo umu ndi mmene mkono wa malaya umakokera chibangili. Amakakamiranso ku zitsulo zina, monga chogwirira chitseko, n'kutsalira komweko. Ngati mwasankha maginito, pezani amene mbali imodzi imalowa m'kamphako ka inzake kapena amene amatsekedwa mopotoza, muikenso katcheni kachitetezo, ndipo chibangili chikhale chopepuka. Osawawotcherera: maginito wamba a neodymium amayamba kutha mphamvu kutentha kukapitirira madigiri 80.

Musanagule funsani ngati agogo ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Malangizo a madokotala ndi akuti maginito akhale kutali nako masentimita osachepera 15, ndipo dzanja limafika pachifuwa kangapo patsiku, choncho kwa oterowo maginito ayi. Asavalenso mkono umodzi ndi wotchi yoyendera sipuling'i, chifukwa kasipuling'i kake kosunga nthawi kakagwidwa maginito wotchi imathamanga. Ndipo pakhomo pakakhala ana aang'ono dziwani kuti timaginito tiwiri tikamezedwa timakokana m'matumbo n'kuwaboola.

Cha kandodo chimagwira chifukwa cha kulemera ndi kukoka kwa chibangili. Chibangili chikakhwepa, kandodo kamaima chilili n'kutuluka kokha. Chotetezeka ndi chimene kuchokera pakati pa kandodo kukafika kunsonga n'kotalika kuposa m'kati mwa mphete, ndiye kuti kandodo konse katalike kawiri kukula kwa bowolo. Pafupi ndi kandodo pakhale timphete ting'onoting'ono totha kulowa m'bowo limodzi nako, apo ayi kumanga kumavuta. Kwa agogo ife tingasankhe lobster wamkulu wa kachala kotakata, wokola pa mphete yaikulu yowotcherera, kapena chibangili chouma chotseguka mbali imodzi chimene sichifuna chomangira n'komwe.

Ndimagwira ntchito pa makina ndipo ndikufuna lamba wachitsulo ndi chomangira chimene sichingaduke zivute zitani. Mundilangize.
*Makaniko*

Apa sitikulangizani zimene mwapempha, bambo. Lamba wosaduka akakoledwa ndi shafiti kapena fani amakokera dzanja m'makina, ndipo khungu ndi mitsempha ndi zimene zimang'ambika. Lamba wachitsulo amadutsanso magetsi. Akakhudza mutu wa batire ya galimoto ndi chitsulo cha galimotoyo nthawi imodzi, amatentha m'kanthawi kochepa n'kuwotcha mkono wonse kuzungulira, ndipo chomangira cha maloko awiri chimachedwa kumasula chikatentha. Pogwira makina ozungulira, mabatire kapena mawaya amoyo, vulani wotchi, chibangili ndi mphete zomwe. Pa ntchito zina zosaopsa motero valani lamba wa labala kapena pulasitiki wa zidutswa ziwiri, wa chomangira chabowo ndi timapini wamba ta 1.5, kuti akakoledwa kapini kagonje. Lamba wa NATO amene tamuyamikira pamwambapa sayenera ntchito yanu, popeza samasuka kapini kakathyoka. Pa chifukwa chomwechi, chibangili cha mwana wamng'ono chikhale ndi kamphete kamodzi kosawotcherera, ndipo azichivula pogona ndi pokwera mitengo.